NKHOKWE YA MADZI A MVULA PAKHOMO

Phunziro la mwezi uno

Palibe mlimi wanzeru amene amakolola chimanga chake nachisiya pabwalo kuti mbuzi ndi nkhuku zidye. Iye amayamba waluka nkhokwe, naiimika pa miyala, naifolera bwino. Ndipo alendo pofika pamudzi amayang'ana nkhokweyo nadziwa kuti pano pali munthu. Koma mlimi yemweyo, pamene mvula ili kugwa, amakhala pakhonde ndi kungopenya madzi ali kutsika pa denga lake, nakumba zigwembe pabwalo, napita kumtsinje. Ikapita miyezi itatu mkazi wake ali kulawira mbandakucha ndi ndowa kukaima pa mzere ku mjigo, ndipo ndiwo zamasamba zasowa pakhomo. Akulu anati madzi akatayika saoleka.

Tsono phunziro lino linena za nkhokwe ina, ndiyo nkhokwe ya madzi: kuwerenga kwake kwa madzi a pa denga, kutchera kwake, kusunga kwake, ndi kukonza malo ake kuti akhale okongola, osati bwinja la dzimbiri ndi matope kuseri kwa nyumba.

CHIFUKWA CHAKE

M'dziko la Malawi mvula imagwa kuyambira Novembala kapena Disembala kufikira Malichi kapena Epulo, ndipo miyezi yotsalayo madera ambiri amakhala gwa. Ku Lilongwe ndi madera ena a m'zigwa za pakati kumagwa mvula ya mamilimita 800 kapena 900 pa chaka. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa imachepa, pamene ku Mulanje ndi ku Nkhata Bay imaposa mamilimita 1,500. Chotero vuto la madera ambiri si kuchepa kwa mvula ai, koma kuti yonse imabwera nthawi imodzi nichoka nthawi imodzi.

Ngakhale m'kati mwa dzinja mvula imadula. Ng'amba ya masabata awiri kapena atatu mu Januwale kapena Febuluwale ndi chinthu chimene mlimi aliyense achidziwa. Okalamba akumbukira njala ya 1949. Chilala chinagwanso mu 1992 ndi mu 2016, ndipo mu Malichi 2024 Boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba.

Owerenga asanyengedwe: mgolo wa madzi sungathe kupulumutsa munda wa chimanga. Koma ukhoza kupulumutsa nazale ya matimati, mabedi awiri a mpiru, ndi mitengo ingapo ya mapapaya. Pa chaka choipa, zinthu zazing'onozi ndizo zimene zimasiyanitsa ana odya nsima ndi masamba ndi ana odya nsima ndi mchere.

MADZI A PA DENGA NDI OCHULUKA BWANJI?

Lamulo lake ndi limodzi, ndipo mwana wa Sitandade 6 akhoza kulisunga pamtima. Malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi amatchedwa sikweya mita. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa sikweya mita imodzi, madzi ake ndi lita imodzi.

Poyesa denga munthu sayenera kukwera pamwamba. Ayese pansi, malo amene dengalo laphimba, kuyambira podonthera madzi mbali ino kufikira podonthera madzi mbali inayo. Nachi chitsanzo cha nyumba ya malata imene denga lake laphimba mamita 8 m'litali ndi mamita 6 m'lifupi:

8 kuchulukitsa ndi 6 ndiwo masikweya mita 48.
48 kuchulukitsa ndi mamilimita 800 ndiwo malita 38,400 pa chaka.

Koma si onse amene angalowe m'chosungiramo. Ena amathovokera kunja kwa ngalande, ena amauluzika ndi mphepo, ena amauma pa malata otentha. Nchifukwa chake owerengera madzi amachotsapo gawo limodzi mwa magawo asanu. Otsala ndiwo malita ngati 30,700, ndiko kunena migolo yoposa 150 ya malita 200, kapena ndowa zoposa 1,500 za malita 20. Mai amene amatunga ndowa zinai tsiku ndi tsiku angathe chaka chathunthu asanafike pa nambala imeneyi.

Mvula ya tsiku limodzi nayonso si yochepa. Mbali imodzi ya denga lomwelo ili ndi masikweya mita 24. Mvula ya mamilimita 10, imene alimi amati yangonyowetsa pamwamba, imapereka malita ngati 190 kuchokera mbali imodziyo, ndiwo pafupifupi mgolo wathunthu.

Denga la udzu limapereka madzi ochepa, pakuti udzu umamwa ena, ndipo madzi ake amakhala ofiirira ndi onunkha utsi. Sayenera kumwedwa, koma mpiru suwakana.

DIMBA LIMAMWA MADZI OCHULUKA BWANJI?

Pano ndi pamene ambiri amalakwa. Amaika mgolo umodzi, nalima mabedi khumi, ndipo pofika mwezi wa Meyi mgolo uli kulira ngati ng'oma, mbeu zafota, iwo nanena kuti nzeru za alangizi nzachabe. Cholakwa si nzeruyo ai, koma kuti sanawerenge.

M'miyezi yozizira ya Meyi, Juni ndi Julayi, ndiwo zamasamba zimafuna malita ngati 4 pa sikweya mita tsiku lililonse. Bedi la mita imodzi m'lifupi ndi mamita 5 m'litali limamwa tsono malita 20, ndiyo ndowa imodzi pa tsiku. Mu Seputembala ndi Okutobala, dzuwa likaswa mtengo, bedi lomwelo limafuna ndowa ndi theka. Powerengera ndowa imodzi pa tsiku, zosungiramo zimatha motere:

Mgolo umodzi wa malita 200: bedi limodzi masiku 10.
Migolo itatu, malita 600: bedi limodzi mwezi wathunthu.
Thanki ya malita 2,000: bedi limodzi masiku 100.
Thanki ya malita 4,700: mabedi awiri pafupifupi miyezi inai.

Chotero mgolo uli ndi ntchito yake, thanki ilinso ndi yake. Ntchito ya mgolo ndiyo kuolotsa mbeu pa ng'amba ya m'dzinja, ndi kulera nazale pakati pa mvula zoyamba, pakuti umadzaza ndi kutha kambirimbiri m'nyengo imodzi. Amene afuna masamba mu Ogasiti ayenera kukhala ndi thanki. Madzi pa denga alipo ambiri. Chimene chimachepa ndicho chosungiramo. Munthu ayambe wadziwa kukula kwa nkhokwe yake ya madzi, ndipo pambuyo pake alime dimba lolingana nayo.

KUTCHERA MADZI

Ngalande ya pa denga. Amisiri osula zidebe amapinda lata kukhala ngalande, ndipo m'masitolo muli zina za pulasitiki. Amene alibe ndalama ang'ambe nsungwi yaikulu pakati, aboole mfundo zake, naigoneke pa mphanda pansi pa mapeto a malata. Nsungwi imatha nyengo imodzi kapena ziwiri, koma kuthengo kuli ina. Ngalande ipendekeke pang'ono kulinga ku mgolo, sentimita imodzi pa mita iliyonse, ndiko kunena kunenepa kwa chala pa phazi lalikulu limodzi. Ikagona chogona madzi amaima m'menemo, nibala udzudzu. Ikapendekeka kwambiri, madzi a mvula yamphamvu amailumpha.

Sefa. Polowera madzi mu mgolo pakhale sefa wa waya kapena nsalu yopyapyala yomangidwa zolimba, kuti masamba, abuluzi ndi udzudzu zisalowe. Neti yogonamo ana isachotsedwe pa mphasa yao chifukwa cha mgolo.

Mvula yoyamba. Chizimalupsa chimatsuka denga limene lakhala miyezi isanu ndi umodzi lili kulandira fumbi, mwaye wa lupsa, ndi zitosi za mbalame. Madzi a mvula imeneyi asalowe m'chosungiramo. Apatutsidwire ku nthochi. Pambuyo pakenso, ngati papita masiku ambiri mvula isanagwe, ndowa yoyamba yochokera mbali imodzi ya denga ichotsedwe. Mwezi wa Okutobala ndiwo wosesa denga ndi ngalande.

Unyolo m'malo mwa paipi. Ku Japan anthu akhala zaka mazana ambiri ali kupachika unyolo pa mapeto a ngalande za nyumba ndi za akachisi ao. Madzi amatsata unyolowo kutsikira pansi mosathovoka, ndipo anthu amakondwa kuwapenya ndi kumva kulira kwake. Unyolo wakale wa ngolo ukhoza kugwira ntchito yomweyo, ngakhalenso chingwe chokhuthala cha khonje. Kunsi kwake kumangidwe pa sefa wa mgolo kapena pa mwala, kuti mphepo isautaye uku ndi uku. Koma pa mvula yamkuntho unyolo umataya madzi ena, ndipo pa denga lalikulu paipi ndiyo iposa.

ZOSUNGIRAMO

Mitsuko. Chosungiramo choyamba chili kale m'mudzi. Mitsuko ikuluikulu yonga ija yofululiramo, itandandalikidwa itatu kapena inai pakhonde, imasunga madzi okwanira nazale. Iliyonse ikhale ndi chivundikiro chake.

Migolo. Mgolo wa malita 200 ukadzaza umalemera makilogalamu oposa 200, monga matumba anai a chimanga. Usaikidwe tsono pa njerwa ziwiri zogwedera, koma pa guwa lomangidwa bwino, losalala pamwamba, lotalika kufika m'bondo, kuti kheni ilowe pansi pa mpopi wake. Migolo iwiri kapena itatu ilumikizidwe ndi kapaipi chakumwamba, kuti woyamba ukadzaza madzi aolokere mwa unzake. Munthu asagule mgolo osafunsa chimene chinalimo. Umene unasungapo mankhwala ophera tizilombo, mankhwala a m'fakitale kapena mafuta a galimoto ukanidwe, ngakhale wogulitsa alumbire kuti anautsuka.

Thanki. M'masitolo muli mathanki a pulasitiki a malita 1,000, 2,000 ndi 5,000. Koma kumene kuli njerwa zootcha, mmisiri wa m'mudzi akhoza kumanga thanki yolimba. Ikhale yozungulira ngati nkhokwe, pakuti ya ngodya zinai imang'ambika m'ngodyamo. Thanki ya mamita 2 kupingasa m'kati ndi mita imodzi ndi theka msinkhu imalowa malita ngati 4,700. Ifuna maziko a konkire pa nthaka yolimba, waya wozungulira khoma kuti madzi asalikankhe, ndi pulasitala wa muyeso umodzi wa simenti pa miyeso itatu ya mchenga wosefa. Ikatha kumangidwa ifundidwe ndi masaka onyowa ndi kuthiridwa madzi masabata awiri. Mathanki ambiri amene amadontha anaumitsidwa msanga padzuwa. Mabanja asanu kapena asanu ndi limodzi akhoza kusonkherana simenti, namangirana mathanki motsatana, chaka chino kwa uyu, chaka chamawa kwa uyo. M'zaka za m'ma 1980 anthu a m'midzi ya ku Thailand, mothandizidwa ndi boma lao, anaumba mitsuko ya simenti yolowa malita ngati 2,000 umodzi, ndipo inakwana mamiliyoni. Anali alimi wamba, osati anthu olemera.

Nthaka. Chosungiramo chachikulu koposa zonse, ndiponso chosagula, ndicho nthaka yeniyeniyo. Zephaniah Phiri Maseko, mlimi wa kufupi ndi Zvishavane ku Zimbabwe, amene anamwalira mu 2015, anatchuka m'maiko ambiri chifukwa cha ntchito imene inkatchedwa kubzala madzi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1960 iye anamanga timakoma ta miyala pa matsitso, nakumba maenje m'ngalande za m'munda mwake, kuti madzi a mvula asathamange koma alowe pansi. Dera lake nlouma, koma pamalo pake panamera nthochi ndi mitengo ya zipatso, ndipo alimi ochokera kutali ankapita kukaphunzira.

Pakhomo nzeru yomweyo igwira ntchito motere. Madzi osefukira mu mgolo atsogozedwe ndi kangalande koyalamo miyala kufikira ku dzenje la mita imodzi kupingasa ndi theka la mita kuya, lotalikira mamita 3 kapena kuposa kuchokera pa khoma la nyumba, ndiponso kutali ndi chimbudzi. Dzenjelo lidzazidwe ndi udzu, masamba ndi mapesi kufikira pamwamba, ndipo m'mphepete mwake mubzalidwe nthochi, nzimbe kapena koko. Madzi amabisala pansi pa zinyalalazo nalowa m'nthaka, nthochi nizimwa pang'onopang'ono kufikira m'chilimwe.

KUKONGOLETSA MALO A MADZI

Ena adzati, kodi kukongola kuli ndi ntchito yanji pa mgolo? Yankho lake lili m'midzi momwemo. Mgolo wadzimbiri umene unaponyedwa kuseri kwa nyumba, pakati pa matope ndi zitsamba, palibe amene amauyang'ana. Sefa wake akang'ambika palibe aona. Chivundikiro chikagwa palibe atola. Koma umene uli poonekera, pa guwa lozira bwino, pafupi ndi maluwa, mwini wake amaupenya m'mawa uliwonse monga apenya khola la nkhunda zake, ndipo chikalakwika amachiona tsiku lomwelo. Chinthu chimene munthu anyadira ndicho chimene amachisamala.

Pa chisumbu cha Bermuda, m'nyanja ya Atlantic, palibe mtsinje ngakhale umodzi, ndipo lamulo limafuna kuti nyumba iliyonse itchere madzi a pa denga lake ndi kuwasunga m'thanki. Madenga a kumeneko amamangidwa ngati makwerero kuti madzi atsike pang'onopang'ono, napakidwa zoyera mbee. Anayamba kutero chifukwa cha ludzu, koma lero madengawo ndiwo ulemerero wa chisumbucho, umene alendo amapita kukaona. Ntchito ndi kukongola siziyenera kulekana.

Zokongoletsera zake zili pafupi, ndipo chilichonse chili ndi phindu lake:

1. Chovala cha mgolo. Mgolo uvekedwe bango kapena nsungwi zong'amba, zolukidwa monga alukira nkhokwe, ndi kadenga kake ka udzu pamwamba. Ukatero umaoneka ngati mwana wa nkhokwe. Chovalachi chimatchinga dzuwa, madzi nakhala ozizira. Ndipo pa thanki ya pulasitiki yoyera chimaletsa ndere, pakuti ndere sizimera mumdima. Bango lisakhudze pansi chifukwa cha chiswe.

2. Guwa. Amai adziwa kale kuzira khonde ndi kulemba zipupa ndi dothi lofiira, lakuda ndi loyera. Luso lomwelo lifike pa guwa la mgolo. Patsogolo pa mpopi payalidwe miyala yaphanthiphanthi kapena zidutswa za njerwa, kuti pasakhale chithaphwi.

3. Utoto. Mgolo wachitsulo upakidwe utoto kunja kuti usachite dzimbiri, ndipo thanki ya njerwa ipakidwe njereza. Pa sukulu ana akhoza kujambula nsomba, mbalame ndi masamba pa thanki yao, ndi kulembapo mizere yosonyeza malita. M'kati musapakidwe utoto wamba.

4. Zoyanga. Pambali pa mgolo paimikidwe nsanja ya nsungwi, ndipo pa iyo payange nyemba, mphonda kapena magalagadeya. Zimenezi zimapereka mthunzi ndi chakudya pamodzi. Zisaloledwe kukwera pa denga, pakuti masamba ake adzatseka ngalande. Mitengo ikuluikulu monga mango isabzalidwe pafupi ndi thanki ya njerwa, chifukwa mizu yake imasaka madzi ning'amba maziko.

5. Kangalande ka madzi osefukira. Kayalidwe miyala yosalala ya kumtsinje, kakhale kokhotakhota osati kolunjika, pakuti madzi okhota amayenda mofatsa. M'mbali mwake mubzalidwe udzu wa vetiva, umene mizu yake imagwira nthaka, ndi tsabola kapena maluwa pakati pake.

6. Malo ake. Dimba likhale pafupi ndi chosungiramo, chakunsi kwake ngati kuli kotheka, ndipo zonse ziwiri zikhale m'kati mwa mpanda umodzi wotchinga mbuzi ndi nkhuku. Mtunda wa pakati pa mpopi ndi bedi ukakhala waufupi, ngakhale agogo ndi ana amathirira osadandaula.

NGOZI ZITATU

Walira mvula walira matope. Amene asunga madzi pakhomo wasenzanso udindo, ndipo ngozi zake ndi izi.

Yoyamba ndiyo ya ana. Mwana wamng'ono akasuzumira mu mgolo mutu umamlemera, nagwera chamutu, ndipo sangathe kudzitulutsa kapena kufuula. Madzi ofika m'chigongono ndi okwanira kumupha. Chivundikiro chikhale cholemera kapena chomangidwa ndi waya, khomo la thanki likhale ndi loko, ndipo pafupi pasakhale mpando kapena mtondo wokwererapo. Dzenje la madzi losadzaza zinyalala litchingidwe ndi mpanda.

Yachiwiri ndiyo udzudzu. M'nyengo yotentha dzira la udzudzu limasanduka udzudzu wouluka pa sabata imodzi kapena ziwiri. Mitundu ina imaswana m'migolo ndi m'zitini zosavundikira. Koma udzudzu wa malungo umakonda makamaka tizithaphwi ta padzuwa, tonga tija timakhala pansi pa mpopi wodontha. Chotero kuvundikira mgolo kokha sikukwanira. Madzi alionse a pansi amene sanalowe m'nthaka pa masiku awiri atsegulidwire njira kapena akwiriridwe. Kamodzi pa sabata mwini nyumba asuzumire mu mgolo; akaona mphutsi zili kuvinavina, madziwo athiridwe ku mbeu tsiku lomwelo, mgolo utsukidwe, ndipo afune pamene udzudzu unalowera.

Yachitatu ndiyo kumwa. Madzi a mvula amaoneka oyera, koma adutsa pa denga pamene pamayenda mbalame ndi makoswe. Phunziro lino likunena za madzi a ku dimba. Ngati banja lisowa pogwira nilifuna kumwako, liyambe lawaphitsa kapena kuthiramo mankhwala a klorini monga alangizi a zaumoyo aphunzitsira.

KUTHIRIRA MOSAMALA

Madzi osungidwa ali ngati chimanga cha m'nkhokwe mwezi wa Januwale: satapa ndi dengu. Nthaka ya bedi isakanizidwe ndi manyowa ambiri oola bwino, pakuti nthaka ya manyowa imagwira chinyezi. M'chilimwe bedi likhale lolowa pansi pang'ono, osati lokwera ngati la m'dzinja. Pamwamba paphimbidwe ndi udzu wouma wopanda njere, wokhuthala ngati zala zinai. Kuthirira kuchitike m'mawa kapena madzulo, pa tsinde la mbeu osati pa masamba, ndipo kuli bwino kuthira okwanira kamodzi koposa kuwaza pang'onopang'ono kawirikawiri. Mlimi apise chala m'nthaka pansi pa udzuwo. Ngati muli chinyezi, madzi a tsikulo asungike.

Palinso njira ya mtsuko wokwirira, imene alimi a ku China anailemba m'mabuku ao zaka zoposa 2,000 zapitazo. Aliyense adziwa kuti mtsuko wadothi umatuluka thukuta. Ndicho chifukwa chake madzi ake amazizira. Mtsuko wotere ukakwiriridwa m'bedi kufikira m'khosi, nudzazidwa madzi, nuvundikiridwa, thukutalo limalowa m'nthaka pa mizu penipeni, ndipo dzuwa silimwako. Mozungulira pake pabzalidwe matimati, mabilinganya kapena tsabola, pa mtunda wa chikhatho chimodzi kapena ziwiri. Umafuna kuonjezera madzi pakapita masiku awiri, atatu kapena anai, monga mwa kukula kwake ndi kutentha kwa nyengo.

Posankha mbeu, bonongwe, khwanya, luni ndi therere zimapirira ludzu koposa kabichi, ndipo sizichedwa kufika m'mbale.

KWA APHUNZITSI

Ana aike chitini cha mbali zoongoka pa chitsa, pabwalo poyera, kutali ndi mitengo ndi madenga. M'mawa uliwonse ayese madzi a m'menemo ndi rula, alembe mamilimita m'kope, nataye madziwo. Ayesenso pansi pa denga la kalasi yao ndi la kwao. Mafunso owathandiza ndi awa:

1. Denga la sukulu laphimba mamita 20 m'litali ndi mamita 8 m'lifupi. Mvula ya mamilimita 800 ipereka malita angati? Nanga atachotsapo gawo limodzi mwa magawo asanu, atsala angati?
2. Banja lili ndi migolo iwiri ya malita 200 ndi mabedi awiri omwa ndowa imodzi lililonse pa tsiku. Madzi adzatha pa masiku angati?
3. Chifukwa ninji madzi a chizimalupsa sayenera kulowa mu mgolo?
4. Chovala cha bango chili ndi ntchito ziti ziwiri?
5. Kodi udzudzu wa malungo umakonda kuswana pati pakhomo?

Mayankho a mafunso awiri oyamba: malita 128,000, ndipo otsala ndi 102,400, masiku 10.

NTCHITO YOYAMBIRA

Nkhokwe ya chimanga imalukidwa chimanga chisanalowe, ndipo ya madzi imakonzedwa mitambo isanade. Wosakhoza kumanga thanki chaka chino asakhale manja lende. Ayambe ndi nsungwi imodzi, mgolo umodzi wovundikira bwino, bedi limodzi lophimbira, ndi dzenje la nthochi. Alembe tsiku limene mgolo unadzaza ndi tsiku limene unatha, kuti chaka chamawa adziwe choonjezera. Amene afuna muyeso wa thanki ndi kuwerengera simenti yake afunse kwa mlangizi wa zaulimi wa m'dera lake. Ndipo mafumu ndi makomiti a sukulu akambirane nkhaniyi pa misonkhano yao mvula isanayambe.